Musanagule guluu wa matailosi, yambani mwayesa khoma

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anthu amene akumaliza nyumba yawo yoyamba ndipo afika poika matailosi m'bafa ndi m'khitchini. Funso limene eni nyumba amafunsa m'mahadiweya a pa Malangalanga ku Lilongwe kapena ku Limbe ndi lakuti, "Guluu wamphamvu ndi uti?" Funsolo si loipa, koma limabwera nthawi yake isanakwane. Tailosi ikagwa pakhoma, itoleni muyang'ane kumbuyo kwake. Kawirikawiri mupeza guluu wagwira bwinobwino pa tailosiyo, ndipo pa guluupo pakakamira penti, laimu kapena mchenga wa pulasitala. Zikatero guluu alibe mlandu. Chimene chalekerera ndi khoma, ndipo ngakhale mukanagula thumba lodula kuposa onse m'sitolo, tailosiyo ikanagwabe.

Guluu sagwira njerwa, amagwira chimene chili pamwamba penipeni pa khoma. Choncho ntchito imayamba ndi kuyesa pulasitala, ndipo mwini nyumba angathe kuchita yekha osadikira mmisiri. Tengani chigwiriro cha hamala kapena ndalama yachitsulo, muzigogoda khoma lonse kuyambira pansi mpaka pomwe matailosi adzalekezere. Pomwe pulasitala wagwira pamamveka kuuma kuti gwa. Pomwe wasiyana ndi njerwa pamamveka mphako. Zingani malo amenewo ndi choko, agobedwe mpaka njerwa zioneke, apakidwenso. Kenako kandani ndi msomali. Msomali ukangosiya kamzere, pulasitala ali bwino. Ukalowa n'kumayoyola mchenga, kapena mukapukuta ndi chikhatho n'kutsala fumbi m'manja, ndiye kuti simenti anachepa posakaniza kapena pulasitalayo sanathiriridwe madzi atapakidwa. Vutoli n'lofala chifukwa simenti akakwera mtengo omanga amafuna thumba limodzi lipake chipinda chonse. Pulasitala wonyamula matailosi amafuna muyezo umodzi wa simenti pa miyezo inayi ya mchenga woyera wa kumtsinje, wopanda dothi. Wofooka kwambiri salimbitsika ndi mankhwala opaka pamwamba, achotsedwe basi. Nyumba imene njerwa zake anamangira dothi iyesedwe mosamala kuposa apa, chifukwa pulasitala wake amagwira pa njerwa zokha, m'mizere ya dothi sagwira, ndipo madzi akangolowa dothilo limafewa.

Pulasitala amene adzalandire matailosi asasalazidwe ndi mpeni wachitsulo mpaka kuwala. Amalizidwe ndi thabwa kuti akhale wokhakhala pang'ono, guluu apeze pogwira. Uzani womanga zimenezi asanapake, chifukwa iye amaganiza kuti kusalaza n'kukukondweretsani.

Chachiwiri n'kuwongoka. Gonekani pakhoma thabwa lowongoka kapena chitsulo cha aluminiyamu cha mamita 2, choimirira, chopingasa ndi chopendekera. Mpata pakati pa thabwa ndi khoma usapose mamilimita 3. Pomwe patukuka pasemedwe, pomwe palowa padzazidwe ndi simenti wosakaniza ndi mchenga, paume matailosi asanafike. Amisiri ena amati adzawongola ndi guluu poika. Musalole. Guluu wamba anapangidwa kuti akhale wopyapyala, mamilimita 3 mpaka 6 tailosi ikakanikizidwa. Akaunjikidwa mochindikala amafota pouma, amakoka tailosi, ndipo matumba amene mumawerengera kuti akwana amathera pakati pa ntchito. Kudzaza dzenje ndi guluu n'kodula kuposa kulidzaza ndi simenti.

Nkhani ya nthawi ndi imene anthu ambiri safuna kumva, makamaka amene akulipira lendi kwina akudikira kulowa m'nyumba mwawo. Simenti amafota akamauma, ndipo tailosi siifota. Mukaika matailosi pakhoma limene likufotabe, khoma limakoka, tailosi imakana, ndipo chimodzi chimagonja: mwina tailosi imang'aluka, mwina imatukuka. Khoma latsopano la njerwa kapena mabuloko lipatsidwe masabata 6, pulasitala wa simenti apatsidwe masabata 2 osachepera. Mabuloko a simenti, amene achuluka chikhazikitsire malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, amafota kuposa njerwa zootcha, makamaka akamangidwa ali aawisi, atangochoka pachikombole. Masabata amenewa ndi a nyengo yabwino. M'dzinja, kapena m'miyezi ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, onjezerani. Kuti mudziwe ngati khoma lauma, dulani pulasitiki woonekera mkati wa masentimita pafupifupi 45 mbali zonse, mummate pakhoma ndi tepi m'mbali zonse zinayi, agone usiku wonse. Mukapeza timadontho kumbuyo kwake m'mawa, kapena khoma lada pamalopo, chinyontho chikadalimo.

Chinyontho china sichichoka ndi kudikira. Ngati m'munsi mwa khoma mumatuluka mchere woyera, penti akutukuka, kapena pali nguwi, madzi akukwera kuchokera m'nthaka chifukwa pulasitiki wakuda wa pa maziko sanaikidwe kapena anang'ambika, apo ayi pali paipi yodontha mkati mwa khoma. Anthu ambiri amaika matailosi kuti abise zimenezi. Madziwo sasowa kopita: amakwera kupitirira pomwe matailosi alekeza, kapena amatulukira kuchipinda cha kuseri, ndipo mchere umaunjikana kumbuyo kwa tailosi mpaka kuikankha. Pezani kaye kumene madzi akuchokera. Nthawi zina n'chabe dothi la panja limene lakwera kuposa maziko, kapena madzi a padenga amene amagwera m'tsinde mwa khoma.

Khoma lopentedwa ndi la anthu amene akukonza nyumba yakale, ndipo apa ndi pamene matailosi amagwa kwambiri. Laimu achoke yense, chifukwa alibe mphamvu yonyamula kanthu. Penti wa madzi nayenso amafewa akakumana ndi guluu wonyowa. Penti wa mafuta, uja wowala amene timakonda m'bafa, salowa madzi ndipo guluu wa simenti amangotsetsereka pamwamba pake. Amisiri ambiri amangotematema khoma ndi hamala apa ndi apo n'kunena kuti zakwana. Ganizani bwino: ngati matemedwewo achotsa penti pa gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye kuti magawo anayi a tailosi iliyonse apachikika pa penti. Palani ndi chopalira, burashi ya waya kapena grinder mpaka pulasitala aoneke pafupifupi paliponse, kenako sesani fumbi ndi kupukuta ndi siponji yonyowa. Wogwira grinder avale chotseka mphuno ndi magalasi, chifukwa fumbi la simenti ndi mchenga limawononga mapapo. M'khitchini, pamwamba pa pomwe pankaphikidwa, tsukani mafuta ndi mwaye ndi sopo wamphamvu, mutsukuluze, paume.

Nyumba za m'tauni masiku ano zikusalazidwa ndi pulasitala woyera wa gypsum, monga Rhinolite. Amakongola akapentedwa, koma pa matailosi ali ndi mavuto awiri. Loyamba, simenti wonyowa akakhudzana ndi gypsum pamapangika timiyala ta mchere totchedwa ettringite, timene timakula pakati pa ziwirizi n'kuzilekanitsa. Pamafunika primer wa acrylic, mankhwala amadzi okonzera khoma kulandira guluu, wopakidwa monga chidebe chake chanenera, aume guluu asanafike. Lachiwiri n'kulemera. Malangizo amene amisiri a ku Britain amatsatira amati pulasitala wa gypsum asanyamule zoposa makilogalamu 20 pa sikweya mita, kuwerengera tailosi ndi guluu pamodzi. Bolodi ya gypsum yosapakidwa kanthu imanyamula 32. Pulasitala wabwino wa simenti amafika 40. Tailosi ya porcelain (mtundu wolimba, wosamwa madzi) ya masentimita 60 mbali zonse payokha imalemera pafupifupi makilogalamu 20 pa sikweya mita, guluu asanawerengedwe. Kuti mudziwe za matailosi anu, onani kulemera kwa katoni ndi masikweya mita olembedwa pa katoniyo, mugawe kulemerako ndi masikweya mitawo. Maganizo anga ndi akuti m'bafa gypsum asalowemo n'komwe. Uzani wosalaza alekeze pakhomo.

Pali chizolowezi chopaka khoma guluu woyera wa matabwa wosungunula m'madzi, uja wa PVA, poganiza kuti ndi primer. Ameneyu amauma n'kukhala kachikopa pamwamba pa khoma, ndipo akanyowanso amafewa. Matailosi onse amakhala atapachikika pa kachikopa kameneko. Gulani primer wa acrylic kapena wa SBR wolembedwa kuti ndi wa matailosi. Kuti mudziwe ngati pulasitala wa simenti akufuna primer, muwazeni madzi pang'ono. Akamwa nthawi yomweyo, khomalo lidzayamwanso madzi a m'guluu simenti wake asanakhwime, ndipo guluu adzasanduka ufa, pakani primer. Madzi akangoyenderera osalowa n'komwe, pakhoma pali mafuta, penti kapena pasalala kwambiri.

Matailosi asanayambe, pulambala amalize mapaipi onse, atsegule madzi, mapaipi akhale ndi madzi usiku wonse muone ngati pali podontha. Jambulani khoma ndi foni mapaipi ndi mawaya asanakwiriridwe. Chithunzicho chidzakuthandizani tsiku lobowola poika galasi kapena chopachikira thawulo. Dziwaninso kuti matailosi ndi grout, uja wodzaza m'mizere ya pakati pa matailosi, satchinga madzi kotheratu. Madzi amadutsa m'mizere. Pamalo osambira pakani mankhwala otchinga madzi kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba, kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu wa shawa, ndipo m'makona ndi mozungulira mapaipi muike kansalu kake kolimbitsa. Khoma la chipinda chogona choyandikana ndi bafa likamatukuka penti, kawirikawiri gawo limeneli ndi limene linadumphidwa.

Tsopano guluu. Musanasankhe, dziwani mtundu wa tailosi yanu. Itembenuzeni, mudonthezere madzi kumbuyo. Tailosi wamba ya pakhoma, ya ceramic, imamwa dontholo mukuona. Ya porcelain siimwa. Dontho limangokhala pomwepo, chifukwa porcelain imamwa madzi osaposa theka la 1 peresenti ya kulemera kwake. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Njira yakale yoviika matailosi m'madzi n'kuwamata ndi simenti wosakaniza ndi mchenga inkagwira chifukwa simenti ankalowa m'timabowo ta tailosi n'kumera mizu mmenemo. Porcelain ilibe timabowo totero. Imafuna guluu wokhala ndi mankhwala a polymer amene amamata pamalo osalala. Mmisiri akakuuzani kuti porcelain aika ndi simenti wamba chifukwa wakhala akutero zaka zambiri, dziwani kuti matailosi a zaka zimenezo anali ena. Ndipo pogwiritsa ntchito guluu wa m'thumba, matailosi saviikidwa. Amangopukutidwa fumbi kumbuyo.

Matumba ambiri amalembedwa zilembo za muyezo wa EN 12004 kapena ISO 13007, ndipo zilembozo n'zodalirika kuposa mawu a wogulitsa. C ndi guluu wa simenti, wa ufa. C1 ndi wamba, wokwanira matailosi a ceramic aang'ono ndi apakati pa pulasitala wa simenti m'nyumba. C2 amayesedwa kuti agwire kuwirikiza kawiri mphamvu ya C1, ndipo ndi amene mukufuna pa porcelain, pa matailosi aakulu, m'shawa ndi panja. T akutanthauza kuti tailosi siitsetsereka ikaikidwa pakhoma, chinthu chothandiza kwambiri kwa woyamba kumene. E ndi guluu amene amakhalitsa pakhoma asanaume pamwamba, mphindi 30 m'malo mwa 20. F ndi wouma msanga. Woyamba kumene amupewe, chifukwa adzamuumira mu ndowa akuyezabe tailosi yachitatu. S1 ndi wotha kupindika pang'ono, wofunika pa bolodi, pakhoma lowombedwa ndi dzuwa, ndi pa matailosi aakulu kwambiri. Kwa munthu amene akuika porcelain m'bafa m'nyengo yotentha, thumba lolembedwa C2TE ndi loyenera. Matumba ena, makamaka ochokera ku South Africa, salemba zilembozi koma amanena poyera ngati ndi a ceramic kapena a porcelain, ndipo ena amalangiza kusakaniza ndi mankhwala amadzi a latex m'malo mwa madzi pamalo onyowa kapena panja. Werengani kuseri kwa thumba. Thumba losanena kanthu za mtundu wa tailosi, muyezo wa madzi ndi tsiku lopangidwa, lisiyeni pa shelefu.

Guluu wosakaniza kale wa m'chidebe, wa chilembo D, amakopa chifukwa safuna kusakaniza. Koma amauma pokhapokha madzi ake atuluke, ndipo kumbuyo kwa tailosi yaikulu ya porcelain madziwo alibe potulukira. Pakati pamakhala paphalaphala kwa masabata. Ndi wa timatailosi ta ceramic pamwamba pa sinki ya m'khitchini, basi. Pa matailosi a galasi ndi mwala woyera wa marble gulani guluu woyera, chifukwa wotuwa amaonekera. Pogula, finyani thumba: likakhala ndi zibuma zolimba lamwa chinyontho m'sitolo, ndipo simenti amene wakhwima kale sakhwimanso kawiri. Kunyumba, matumba akhale pa matabwa, osati pa simenti wa pansi.

Kuchuluka kwake kumadalira mano a mpeni wopakira. Matailosi a masentimita 20 kapena 25 kwa 40 amafuna mpeni wa mano a mamilimita 6 mpaka 8, ndipo thumba la makilogalamu 20 limapaka masikweya mita pafupifupi 5. Matailosi a 30 kwa 60 kapena 60 kwa 60 amafuna mano a mamilimita 10 kapena 12, ndipo thumba lomwelo limangopaka 3 kapena 4. Titenge bafa la mamita 2 kwa 1.5, matailosi okwera mamita 2.1. Kuzungulira ndi mamita 7, kuchulukitsa ndi 2.1 ndi 14.7, kuchotsa chitseko patsala pafupifupi 13. Pa matailosi aang'ono ndi matumba 3, pa aakulu 4 kapena 5. Matailosi enieniwo onjezerani 10 peresenti ya odula ndi osweka, ndipo makatoni onse akhale a nambala imodzi ya mtundu ndi kukula. Mukabwerera kusitolo patatha mwezi mudzapeza dzina lomwelo koma maonekedwe osiyana pang'ono, ndipo pakhoma kusiyanako kumaonekera.

Posakaniza, madzi oyera ndi amene amayamba kulowa mu ndowa, ufa pambuyo. Mukayamba ndi ufa pansi pamatsala zibuma zouma. Matumba ambiri a makilogalamu 20 amafuna malita pafupifupi 5, koma tsatirani muyezo wa pathumba lanu ndipo yezani ndi botolo, osati ndi maso. Takasani mpaka akhale ngati chiponde, woti mukamutapa ndi mpeni n'kuutembenuza sagwa msanga. Musiyeni mphindi 5 kuti mankhwala asungunuke, mutakasenso. Woyamba kumene asakanize kotala la thumba, osati thumba lonse. Guluu akayamba kulimba mu ndowa, atayidwe; kuthira madzi ena kumamufewetsa m'maso chabe, mphamvu yapita. Ndipo musalole aliyense kuthiramo simenti kapena mchenga kuti achuluke. Kutero n'kusungunula polymer yemwe munalipira ndalama zambiri uja, C2 n'kutsika kukhala wosafika ndi pa C1 pomwe. Valani magolovesi, simenti amawotcha khungu.

Pakani kaye guluu ndi mbali yosalala ya mpeni, mukukanikiza kuti alowe m'khoma, kenako pesani ndi mbali ya mano, mpeni utapendekeka pafupifupi madigiri 45, mizere yonse yolowera kumodzi. Mizere yozungulirazungulira imatsekera mpweya. Pakani malo osaposa sikweya mita imodzi. Mphindi 20 zolembedwa pathumba zinayesedwa pamalo ofunda madigiri 23. Mu October ku Lilongwe, kaya ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kutentha kumapitirira 40, mphindizo zimachepa kwambiri, makamaka pakakhala mphepo. Gwirani ntchito m'mawa, madzi osakanizira akhale pamthunzi, ndipo muzikhudza mizere ndi chala: guluu akapanda kumata chala, wauma pamwamba, mupaleni mupake wina. Kanikizani tailosi n'kuisuntha pang'ono modutsa mizere kuti mizereyo igwe. Pa matailosi aakulu pakaninso kumbuyo kwa tailosi mopyapyala. Nthawi ndi nthawi zulani tailosi imodzi imene mwangoika muone kumbuyo. M'shawa guluu azioneka paliponse, popanda malo ouma.

Izi zikutifikitsa pa njira ya madontho, imene yafala kwambiri: chibuma cha guluu pakona iliyonse ndi china pakati, tailosi n'kuikanikiza. Mmisiri amaikonda chifukwa ndi yachangu, imabisa khoma lokhota, ndipo amalipidwa pa sikweya mita. Mwini nyumba amatsala ndi tailosi imene mbali yaikulu ili m'malere. Madzi amayenda m'mphakomo, mphemvu zimaswana mmenemo, pobowola kapena kugunda ndi ndowa tailosi imasweka. Gwirizanani ntchito isanayambe kuti madontho ayi, ndipo tsiku lotsatira gogodani matailosi musanapereke ndalama yomaliza.

Mzere woyamba usayambire pansi, chifukwa pansi sipakhala pa levulo, makamaka m'bafa momwe pamapendekera ku dzenje la madzi. Pezani malo otsika kwambiri, yezani kuchokera pamenepo msinkhu wochepera pang'ono tailosi imodzi, jambulani mzere ndi levulo kuzungulira chipinda, mukhomere thabwa lowongoka pansi pa mzerewo mukupewa mapaipi. Yambirani pa thabwalo kukwera. Mzere wa pansi udzadulidwa mawa lake thabwa litachoka. M'lifupi yambirani pakati pa khoma, ndipo yalani kaye matailosi pansi opanda guluu kuti muone zotsala m'makona. Kukatsala kachidutswa kochepera theka la tailosi, sunthani poyambira ndi theka la tailosi. Ikani timitanda ta pulasitiki ta mamilimita 2 kapena 3. Matailosi ogundana opanda mpata alibe kopita khoma likatentha, ndipo amathothoka m'mbali.

Chotsani guluu wotuluka m'mizere akadali wofewa. Grout alowe patatha maola 24, kapena monga thumba lanenera. M'makona momwe makoma awiri akumana, pomwe khoma lakumana ndi pansi, ndi mozungulira sinki kapena bafa losambiramo, musaikemo grout. Ikanimo silicone wa m'bafa wosachita nguwi, chifukwa malo amenewo amasuntha ndipo grout amang'aluka. Khoma lalitali, monga la pakhonde, lisiyiridwe mzere wa silicone pa mamita 3 mpaka 4.5 alionse. Shawa idikire masiku amene alembedwa pa thumba la grout isanatsegulidwe, ndipo matailosi otsala asungidwe pamodzi ndi chikutiro cha katoni chokhala ndi nambala yake.

Mmisiri woika matailosi,
Lilongwe